Foni, ka MP3 kapena wotchi: chomvera nyimbo pothamanga ndi tsiku lonse

Kwa zaka zingapo ndinkathamanga foni ili m'thumba la kabudula. Ndikaponya mwendo inkandimenya pantchafu, ndipo ikayamba nyimbo yomwe sindikuifuna ndinkachepetsa liwiro, n'kuisolola, n'kupukuta chala pamalaya, poti galasi la foni silimva chala chonyowa ndi thukuta. Tsiku lina inandipulumuka m'manja n'kugwera pamiyala. Galasi linang'aluka kuchoka pakona mpaka pakati. Nyimbo inapitiriza kulira m'makutu ngati palibe chachitika, ine nditaima kakasi pamsewu, mtima uli pa zithunzi, manambala a anthu ndi mauthenga a kuntchito omwe anali m'menemo. M'pamene ndinadzifunsa kuti chinthu chosunga zonsezi ndimachitengeranji kothamanga pongofuna nyimbo basi.

Kuyambira tsiku limenelo ndagwiritsapo ntchito zipangizo zingapo, zina ndazibwereka kwa anzanga. Ndinene pachiyambi pomwe kuti pa masewera olimbitsa thupi ndimakonda ka MP3, kachipangizo kakang'ono ka mabatani kosewera mafayilo a nyimbo, kopanira pamalaya. Pa kumvera kwa tsiku ndi tsiku, foni imawakwanira anthu ambiri. Koma pakati pa ziwirizi pali wotchi yosunga nyimbo, pali mahedifoni osunga nyimbo okha, palinso zipangizo zikuluzikulu za anthu okonda mawu omveka bwino, ndipo chilichonse chili ndi pake.

Foni inapambana pa chifukwa chomveka

Kuyenda ndi nyimbo m'makutu kunatchuka ndi Walkman ya Sony mu 1979, ya makaseti. Zipangizo zoyamba zosewera mafayilo a MP3 zinatuluka mu 1998: MPMan ya ku South Korea ndi Rio PMP300 ya kampani ya Diamond, zonse zosunga 32 MB, kutanthauza nyimbo za mphindi pafupifupi 30. Mu 2001 Apple inatulutsa iPod ya 5 GB yonyamula nyimbo pafupifupi 1,000, ndipo anthu anadabwa. Patatha zaka 21, mu 2022, Apple inasiya kupanga iPod. Inaimeza ndi foni.

Ndipo foni sindingainyoze. Muli nayo kale, simukugula china. Nyimbo yatsopano mukuipeza nthawi yomweyo pa Spotify, YouTube Music kapena Apple Music, mapodikasti ali momwemo, wina akaimba nyimbo imaima yokha inu n'kuyankha. Kwa munthu amene amamvera ali paulendo, akugwira ntchito zapakhomo kapena ali pa desiki, kusenza chipangizo chachiwiri n'kudzivutitsa. Kothamanga usiku kapena kutali ndi anthu, foni ndi chitetezonso: mwendo ukabinya muitana thandizo.

Vuto lake limaonekera thupi likayamba kugwedezeka. Mafoni ambiri a masiku ano amalemera magalamu 170 mpaka kuposa 200, ndipo ndi aakulu moti m'thumba amalendewera, pamkono amafuna chomangira chomwe chimathina kapena kutsetsereka. Batire ndi limodzi pa ntchito zonse, ndiye mukamvera nyimbo maola atatu ndi galasi loyaka pafupipafupi, madzulo mukusaka potchaja. Kabowo ka mahedifoni ka 3.5 mm kanayamba kusowa pamene Apple inakachotsa pa iPhone 7 mu 2016, ndipo makampani ambiri anatsatira, makamaka pa mafoni apamwamba. Koma chimene chimandisokoneza kwambiri ine ndi mauthenga. Uli pakati pa chitunda, mpweya ukuperewera, nyimbo ikukukankha bwino, mwadzidzidzi mawu atsika kuti uthenga ulire. Ukudziwa kuti sufunika kuyang'ana, koma maganizo apita kale. Mutha kuzimitsa mauthenga, inde, koma ambirife timaiwala, kapena mtima sutilola.

Ka MP3 kopanira pamalaya

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi komwe anthu ambiri amakaiwala. Ndikunena kachipangizo kakang'ono ngati bokosi la machesi, kokhala ndi chopanira kumbuyo ngati chopanira zovala pachingwe. iPod shuffle inalandira chopanira chotere mu 2006 ndipo inakondedwa kwambiri ndi othamanga mpaka inasiya kupangidwa mu 2017. SanDisk inatulutsa Sansa Clip mu 2007, kenako Clip Sport ndi Clip Jam. Tonseti timalemera magalamu osafika 30. Mukakapanira pakolala kapena m'chiuno, pakatha mphindi ziwiri mwaiwala kuti kalipo.

Ubwino wake waukulu ndi mabatani enieni. Chala chimawadziwa osayang'ana: lapakati kuimitsa, lakumanja kudumpha nyimbo, la m'mbali kukweza mawu. Kaya chala chanyowa, kaya mwavala magolovesi, kaya kuli mdima, mumangodina mukuthamanga. Batire limakhalitsa chifukwa kulibe intaneti yoti likoke kapena galasi lalikulu loti liyatse. SanDisk imati Clip Jam imafika maola 18 ndipo Clip Sport maola 25. Ngakhale mutachotsapo pang'ono pa zimene kampani yanena, munthu wothamanga ola limodzi katatu pa sabata amatha masabata angapo asanakatchaje. Kakagwa sikasweka msanga chifukwa n'kopepuka, ndipo kakatayika mwataya nyimbo zomwe zilinso pa kompyuta, osati moyo wanu wonse.

Nanga malo osungira? Masamu ake ndi osavuta. Fayilo ya MP3 ya 128 kbps (nambalayi ikakwera mawu amamveka bwino koma fayilo imakula) imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, ndiye nyimbo ya mphindi 4 ndi 4 MB, ndipo mu 8 GB mumalowa nyimbo pafupifupi 2,000. Mukakweza kufika pa 320 kbps, komwe ndi pamapeto pa MP3, nyimbo imodzi imayandikira 10 MB ndipo mumalowa pafupifupi 800. Kwa masewera n'zochuluka kale. Tambiri timalandiranso kadi ya microSD, koma muyang'ane malire: takalekale nthawi zambiri timalekeza pa 32 GB, chifukwa makadi aakulu kuposa pamenepo amabwera ndi kakonzedwe ka exFAT komwe tina sitiwerenga.

Chovuta chake chenicheni ndi chakuti kamafuna mafayilo anuanu. Nyimbo zomwe mwatsitsa mu Spotify kuti muzimvera popanda intaneti ndi zokhomedwa, zimangolira mu pulogalamu yomweyo, ndipo simungazikopere mu ka MP3 wamba. Spotify imafunanso kuti mulowe pa intaneti kamodzi pa masiku 30 aliwonse kuti nyimbozo zisachoke. Ndiye ngati nyimbo zanu zonse zili mu pulogalamu yotere, muyamba ndi ntchito yogula mafayilo, mwachitsanzo pa Bandcamp, tsamba la pa intaneti logulitsa nyimbo, kapena kukopera ma CD anu pa kompyuta. Ena ntchito imeneyi imawatopetsa. Ine inandibwezera chinthu chomwe ndinali nditataya: kukhala pansi madzulo n'kusankha nyimbo 40 zimene ndikudziwa kuti zimandiyendetsa, m'malo molola makina andisankhire. Palinso kachipangizo kotchedwa Mighty, kopangidwa ngati iPod shuffle koma kosunga nyimbo za Spotify ndi Amazon Music, kwa amene sakufuna kusiya pulogalamu yawo.

Chenjezo limodzi kuchokera pa zomwe zinandigwera. Ndinagulapo ka MP3 kopanda dzina lodziwika, pabokosi atalemba malo osungira ochuluka zedi. Nditakopera nyimbo, zoyambirira zinkalira, zotsalazo zinkangooneka mayina koma osatulutsa mawu. Malo enieni anali ochepa kuposa olembedwawo. Kosakaniza nyimbo nako kanali kabodza: nthawi iliyonse ndikayatsa kankayamba ndi nyimbo yomweyo n'kutsata ndondomeko yomweyo. Sikuti tonse topanda dzina ndi totero, koma mukangogula kadzazeni ndi nyimbo tsiku lomwelo n'kuyesa zakumapeto, nthawi yobweza isanathe. Muonenso ngati kamakumbukira pomwe munalekeza. Pa nyimbo zilibe kanthu, koma pa podikasti ya ola limodzi kapena buku lowerengedwa, kuyambiranso pachiyambi tsiku lililonse n'kowawa.

China chaching'ono: mayina a nyimbo. Kachipangizo kamasanja nyimbo potengera zomwe zalembedwa mkati mwa fayilo, dzina la woimba, chimbale ndi nambala ya nyimbo. Zikasowa, zonse zimaunjikana pansi pa dzina limodzi losadziwika. Zikonzeni pa kompyuta musanakopere.

Osambira, nkhani yanu ndi ina

Bluetooth imagwiritsa ntchito mafunde a 2.4 GHz, ndipo madzi amawameza mafunde amenewa pa masentimita ochepa chabe. Choncho foni kapena wotchi sizingatumize nyimbo bwino ku mahedifoni mutu uli m'madzi. Njira yodalirika ndi mahedifoni okhala ndi malo osungira nyimbo mkati mwake. Sony ili ndi Walkman za mtundu wa NW-WS, zomwe ndi mahedifoni ndi chosewerera pamodzi, zozungulira kuseri kwa khosi. Shokz ili ndi OpenSwim, yomwe siilowa m'khutu n'komwe koma imakhala pafupa la tsaya. Zipangizo zotere zimayenereranso kuthamanga, poti mulibe chingwe kapena chopanira. Kuipa kwake ndi kwakuti mulibe galasi loonera dzina la nyimbo, mumangodumpha mpaka mutafika pomwe mukufuna, ndipo mbali imodzi ikafa, zonse zafa.

Pamene tili pa madzi, tiyeni timvetse zilembo za IP zomwe zimalembedwa pamabokosi. Nambala yoyamba ndi ya fumbi, yachiwiri ya madzi, ndipo X amatanthauza kuti mbali imeneyo sinayesedwe. IPX4 imapirira madzi odonthera ndi kuwaza, yokwanira thukuta ndi mvula yowaza. IPX7 imapirira kumizidwa mita imodzi kwa mphindi 30. IPX8 ndi yopitirira pamenepo, malinga ndi zomwe wopanga wanena, ndipo ndi imene wosambira ayenera kufuna. Mayeso amenewa amachitika ndi madzi abwino. Thukuta lili ndi mchere, ndipo mchere umadya tizitsulo ta potchajira pang'onopang'ono. Chipangizo chopirira mvula chimatha kufa ndi thukuta louma pa tizitsulo timeneti.

Wotchi

Wotchi yosunga nyimbo ndi yankho lokongola kwa munthu amene amayeza kale mtunda ndi kugunda kwa mtima. Garmin inayamba kuika nyimbo mu wotchi zake ndi Forerunner 645 Music mu 2018, yosunga nyimbo pafupifupi 500, ndipo Apple Watch ndi Samsung Galaxy Watch zimachitanso zimenezi. Zambiri zimalola kutsitsa nyimbo za Spotify, ndiye vuto la mafayilo lija latha. Mumatuluka m'nyumba ndi wotchi ndi mahedifoni basi.

Koma batire la wotchi ndi laling'ono. GPS ndi nyimbo zikayenda pamodzi, wotchi yomwe imatha masiku ambiri imatha m'maola ochepa. Kwa wothamanga mphindi 45 palibe vuto, koma wokonzekera mpikisano wa makilomita 42 ayese kaye asanadalire. Wotchi ilibenso kabowo ka chingwe, ndiye mahedifoni a Bluetooth ndi okakamiza, kutanthauza mabatire awiri oti muwakumbukire. Nthawi zina mawu amadukaduka, chifukwa thupi la munthu ndi madzi ambiri ndipo limatchinga mafunde dzanja likapita kumbuyo. Kusinthira wotchi ku dzanja lina kumathandiza nthawi zambiri. Ndinganene motere: ngati mukufuna wotchi kaamba ka masewera, sankhani yokhala ndi nyimbo. Koma kugula wotchi pofuna nyimbo zokha ndi kulipira zinthu khumi kuti mugwiritse chimodzi.

Zikuluzikulu za okonda mawu abwino

Zipangizo zomvera nyimbo sizinathe, zinangosamukira kwa anthu okonda mawu oyera. FiiO, Astell&Kern, Shanling, HiBy ndi Sony yomwe ija amapanga zosewerera zokhala ndi zokuzira mawu zamphamvu, zotha kuyendetsa mahedifoni aakulu omwe foni imalephera. Zimasewera mafayilo a FLAC, omwe sataya kanthu pa mawu a CD. CD imadya pafupifupi 10 MB pa mphindi, FLAC imachepetsa kufika pafupifupi theka kapena kupitirirapo pang'ono, ndiye nyimbo imodzi imatha kufika 25 MB kapena 30 MB. Zina zili ndi Android, moti Spotify ndi Tidal zimalowamo.

Mukakhala pampando m'chipinda cha phee ndi mahedifoni abwino, zimakoma ndithu. Mumamva chala chikutsetsereka pa chingwe cha gitala, mumamva woimba akukoka mpweya. Koma zambiri ndi zolemera ngati foni kapena kuposa, sizipirira thukuta, ndipo pamsewu phokoso la magalimoto ndi kupuma kwanu komwe zimakwirira kusiyana konse pakati pa FLAC ndi MP3 yabwino. N'zomvera mutakhala pansi. Kupita nazo kothamanga n'kuziwononga.

Chomwe chimalowa m'khutu

Kunena zoona, mahedifoni amasintha kamvekedwe ka nyimbo kuposa chipangizo chomwe chikuisewera. A chingwe safuna kutchaja, sadukiza mawu, ndipo mukakhala ndi ka MP3 pakolala chingwecho mumachilowetsa mkati mwa malaya kuti chisakole dzanja. A Bluetooth amamasula thupi, makamaka ponyamula zitsulo kapena podumpha chingwe, koma timabatire tawo timafooka pakapita zaka ndipo nthawi zambiri sitisinthika. Dziwaninso kuti si ka MP3 kalikonse kali ndi Bluetooth, ndipo Bluetooth ikayaka batire limatha msanga kuposa maola olembedwa pabokosi.

Pa makutu ndiye ndikupemphani mumve. Bungwe la World Health Organization limati achinyamata oposa 1 biliyoni ali pa chiopsezo chowononga makutu awo kaamba ka kumvera mokweza. Muyezo wake kwa akuluakulu ndi ma decibel (muyeso wa kukwera kwa mawu) 80 kwa maola 40 pa sabata. Mawu akakwera ndi ma decibel 3 okha, nthawi yotetezeka imatsika ndi theka, moti pa 90 mwatsala ndi maola 4 pa sabata yonse. Pa masewera ndi pomwe timalakwitsa kwambiri, chifukwa makina othamangirapo akulira, zitsulo zikugundana, nyimbo za m'nyumba yochitira masewera zikuphokosera, ndiye timakweza kuti tipose zonsezo. Timaselo ta mkati mwa khutu tikafa sitimeranso. Mukavula mahedifoni n'kumva kulira kwa "ngwiii" m'makutu, kapena mawu a anthu akumveka ngati ali kuseri kwa khoma, munakweza mopitirira. Pa mfundo iyi foni ili patsogolo: mafoni ambiri amachenjeza mukakweza kwambiri, ndipo iPhone imasunga kuchuluka kwa mawu omwe mwamva pa sabata. Ti MP3 tambiri tosavuta tilibe zimenezi, ngakhale tina tili ndi poikira malire a voliyumu. Ngati palipo, ikani malire mukadali m'nyumba muli zii, ndipo musawasinthe panjira.

M'nyumba yochitira masewera, mahedifoni otseka khutu bwino amathandiza, chifukwa phokoso likatchingika simufunika kukweza. Pamsewu ndi zosemphana: mukufunika kumva galimoto, njinga, galu ndi munthu wobwera kumbuyo. Apa mpamene aja a pafupa amagwira ntchito. Amatumiza mawu kudzera m'mafupa a pafupi ndi khutu, khutu lenileni lili lotseguka. Mabesi ake ndi ofooka, wokonda ng'oma zogunda pachifuwa sakhutira, koma mumamva injini ikubwera. Dziwani kuti nawonso akakwezedwa kwambiri amawononga, poti mawuwo amakafika m'kati mwa khutu momwemo. Amene alibe oterewa avale khutu limodzi lokha. Ndipo opita ku mipikisano ya pamsewu awerenge malamulo ake kaye, chifukwa ina imaletsa mahedifoni otseka makutu.

Nyimbo zoyenda ndi mapazi

Chipangizo chilichonse chomwe mwasankha, kasanjidwe ka nyimbo n'kofunika. Costas Karageorghis wa ku yunivesite ya Brunel ku London wafufuza kwa zaka zambiri za nyimbo ndi masewera, ndipo ntchito yake imasonyeza kuti nyimbo imachepetsa kutopa komwe munthu amamva pa liwiro lapakati, koma thupi likafika pamapeto a mphamvu zake nyimboyo siibisanso ululu. Othamanga ambiri amaponda maulendo 160 mpaka 180 pa mphindi. Nyimbo yogunda kangapo kofanana ndi pamenepo, kapena theka lake, 80 mpaka 90, imalowa m'mapazi yokha. Ine ndimaika zitatu zofatsa poyambira kuti ndisanyamuke ngati ndikuthawa, zolimba pakati, kenako ziwiri zozizirira. Pa ka MP3 ndimangozipatsa manambala kutsogolo kwa dzina, 01, 02, 03, n'kuziika mu foda imodzi, kosakaniza nditazimitsa.

Ndiye musankhe chiti? Ngati mumamvera kwambiri muli paulendo kapena pantchito, ndipo masewera anu ndi kuyenda kapena kupalasa njinga yoima m'nyumba, khalani ndi foni yanu, ndalamazo mugulire mahedifoni abwino. Ngati mumathamanga kapena kunyamula zitsulo kangapo pa sabata ndipo muli ndi mafayilo anu, ka MP3 kopanira sikadzakukhumudwitsani. Kamayeneranso mwana amene mukufuna azimvera nyimbo popanda kumupatsa intaneti, ndi wachikulire amene amakonda mabatani ogwirika. Osambira alibe kusankha kwambiri, ndi mahedifoni osunga nyimbo okha a IPX8. Wotchi ndi ya amene akuyeza kale liwiro lake. Zikuluzikulu zija ndi za pampando madzulo.

Ine ndinathera pa ziwiri. Masana foni, m'mawa ka MP3 pakolala, chingwe chitadutsa mkati mwa malaya, khutu lakumsewu lili lotseguka. Ndikapita kutali kapena kukadali mdima foni ndimaitenga ndithu, koma imakhala m'lamba wa m'chiuno itatsekeredwa, sindiikhudza. Ndikabwerako ndimapukuta kachipangizoko ndi kansalu konyowa pang'ono, makamaka potchajira ndi pa chopanira pomwe mchere umayera, n'kukasiya kaume bwino ndisanalowetse chingwe chamagetsi. Sindikasiya padzuwa kapena m'galimoto yotentha, poti kutentha kumafoola batire la lithium msanga. Timphira ta mahedifoni ndimatizula kamodzi pa sabata n'kutitsuka ndi sopo, ndipo foda ya nyimbo ndimaisintha mwezi ukatha, mapazi akayamba kuzizolowera.